Mbuzi khumi ndi ziwiri, kompyuta imodzi

Anzanga eni makomo a kuno kuchigwa, kuchokera pa Thabwa mpaka ku Marka, ndabwera ndi buku langa la ndalama. Ndi kope wamba la ana a sukulu. Ndimalembamo zonse zotuluka pakhomo pano ku Ngabu: chigayo, mchere, sopo, mayunitsi a magetsi, chipepeso cha pamaliro. Masamba a kumapeto ndinawapatula kuti akhale a kompyuta, ndipo ndi amenewo ndikufuna tiwerengere limodzi, chifukwa ena mwa inu mwana wakuuzani kale kuti kusukulu akufuna laputopu, ndipo mwayamba kusuzumira m'khola.

Yathu tinagula mu Febuluwale 2021. Sukulu zitatsekedwa ndi mliri wa Covid-19 mu 2020, aphunzitsi a mwana wathu wachisamba, amene maphunziro ake ankachitira pakhomo, anayamba kutumiza ntchito pa intaneti, ndipo pa kafoni sankatha kulemba masamba khumi. Ndinagulitsa mbuzi zisanu pa makwacha zikwi makumi atatu iliyonse. Zinakwana zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Ndalama yonseyo ndinaisiya pa kauntala ya sitolo ina ku Limbe, n'kubwerako ndi laputopu yogwirapo kale ntchito kunja. Ndinalemba mtengowo, n'kudula mzere pansi pake. Zonse zimene ndikuwerengereni zili kunsi kwa mzere umenewo.

Mwezi wachiwiri, m'mawa wina, inakana kuyaka. Kanyali ka chaja kankawala, koma batani silinkayankha. Kabaza wopita pamsika, mazana asanu. Wobwerera, mazana asanu. Mnyamata wokonza mafoni anazula chaja, anachotsa batire, anakanikiza batani loyatsira osalisiya kwa theka la mphindi, anabwezera zonse m'malo, ndipo inayaka. Anati mphamvu yotsalira m'kati nthawi zina imasokoneza makina, ndipo kukanikiza kumeneko kumaitaya. Ntchito ya theka la mphindi, zikwi ziwiri. Pa mlingo umenewo ola limodzi likanakwana zikwi mazana awiri ndi makumi anayi, zomwe ndi mbuzi zisanu ndi zitatu. Mnyamatayo sindimudandaula, iye ankadziwa ndipo ine sindinkadziwa. Vuto lomwelo labweranso kanayi, ndipo kanayi konse ndakanikiza ndekha. Pa mzere woyamba, zikwi zitatu.

Patangopita masiku atatu, masamba a pa intaneti anayamba kukana kutseguka. Tinati bandulo yatha. Bandulo ina, zikwi ziwiri. Anakanabe. Mwana ndiye anaona pakona ya m'munsi kuti kompyuta ikuonetsa chaka chimene iye anali ku pulayimale. M'kati mwa makinawa muli kabatire kophwathalala ngati khobidi, kolembedwa CR2032, kamene ntchito yake ndi kusunga tsiku ndi nthawi makina akazima. Kathu kanali katatha kale, ndipo batire yaikulu itachotsedwa pamsika paja tsiku linabwerera m'mbuyo. Masamba otetezedwa, monga a banki ndi a sukulu, amakhala ndi ziphaso zokhala ndi masiku, ndipo satseguka pa kompyuta imene tsiku lake silikugwirizana nazo. Kukonza tsikulo ndi dzanja n'kwaulere. Kabatire katsopano, chikwi chimodzi. Womasula masikuluwu khumi kuti akafikire, zikwi ziwiri. Ulendo uno ndinayenda wapansi. Zikwi zisanu. Kuwonkhetsa ndi zapamwamba, zikwi zisanu ndi zitatu.

Intaneti timaikoka pafoni. Mu Juni chaka chomwecho, bandulo ya mwezi wathunthu, ya zikwi zinayi, inatha usiku umodzi. Yachiwiri inagona masiku awiri. Yachitatu sinafike Lamulungu. Ndinakhazika pansi anyamata awiri a pakhomo pano, n'kuwafunsa za makanema a mpira wa Bullets ndi Wanderers. Analibe mlandu, ndipo ndinawapepesa pamaso pa amayi awo. Chinkachitika n'chakuti Windows ikaona Wi-Fi imadzikokera yokha zigamba zake, osafunsa, poganiza kuti intaneti ili ngati madzi a mu Shire. Muyenera kuiuza kuti yanu ndi ya m'chidebe. Mulowe pa Settings, kenako Network & Internet, musankhe dzina la foni yanu, muyatse pamene palembedwa Metered connection. Kudina kanayi. Mabandulo atatu ndi zikwi khumi ndi ziwiri, kutanthauza zikwi zitatu pa kudina kulikonse kumene sindinadine. Zigambazo n'zofunika, musazikane mpaka kale. Yathu imakazitenga mwana akapita kusukulu kwawo kumene kuli Wi-Fi ya onse. Tafika zikwi makumi awiri.

Makina osindikizira tilibe. Ntchito ikatha timaiika pa fulashi, n'kupita nayo kwa osindikiza pamsika, ndipo fulashi imeneyo imalowa m'kompyuta imene mwalowa kale mafulashi a boma lonse. Tsiku lina yathu inabwerako mafoda onse atasanduka timivi topanda kanthu, ndipo mwana atadina kamodzi, matendawo analowa m'nyumba. Wokonza wina anati mankhwala ake ndi kufomata basi. Kufomata, zikwi khumi. Anafomata fulashi, anafomatanso laputopu, ndipo manotsi a miyezi isanu anapita. Kukopa a mnzake pa fotokope, zikwi zisanu. Patapita chaka, mphunzitsi wina wa sekondale anandionetsa kuti vayirasi ya mtundu umenewu sifafaniza mafayilo. Imangowabisa. Mukayeretsa fulashi ndi Microsoft Defender, imene imabwera kale mu Windows popanda kulipira, mutsegule Command Prompt, mulembe chilembo cha fulashiyo, monga E:, mudine Enter, kenako mulembe attrib -h -r -s /s /d ndi kudinanso Enter. Mafoda amatulukira onse. Mzere umenewo ndinaulemba m'kati mwa chikuto cha bukuli. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula langa linali la zikwi khumi ndi zisanu. Tafika zikwi makumi atatu ndi zisanu.

Tsopano dzuwa. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ili ndi vuto lathu ife a kuchigwa, ndipo anzathu a ku Dedza kapena ku Mzuzu sangatiuze zambiri.

Opanga malaputopu ambiri amalemba m'mabuku awo kuti makinawa azigwira ntchito pamalo osapyola madigiri 35. Kuno ku Ngabu, mu Okutobala ndi Novembala, a zanyengo amatchula madigiri opyola 40, ndipo amenewo ndi a pamthunzi, si a m'nyumba ya malata masana. Ndiye kuti makinawa amayamba ntchito ali kale ndi ngongole ya madigiri asanu. M'kati mwake muli kafani kamene kamakoka mpweya pansi n'kuutulutsira m'mbali. Mpweya wa kuno suyenda wokha. Umabwera ndi fumbi la ng'ombe zopita kudambo, ndi ulusi wa thonje nyengo yokolola, ndipo inu a ku Nchalo muwonjezerepo phulusa la nzimbe zimene amawotcha asanadule. Zonsezo zimakaunjikana pa timizere tachitsulo totulukira mpweya. Mwana wathu ankaikanso laputopu pa matiresi, n'kutseka timabowo ta pansi.

Mu Okutobala 2021 fani inayamba kulira ngati chigayo chakutali. Kenako makina ankazima okha pakangotha mphindi makumi awiri, pakati pa chiganizo. Sikuti anali atawonongeka. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzizimitsa dala kuti isapse. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndinagulitsa mbuzi imodzi n'kukwera minibasi: Nchalo, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu, Thabwa, kenako mapiri aja mpaka mu Blantyre. Kupita, zikwi zisanu. Mmisiri anaiyang'ana n'kunena kuti, "Madala, muisiye, mubwere Lachisanu." Kubwerera chimanjamanja, zikwi zisanu. Lachisanu kupita, zikwi zisanu. Kubwerera nayo, zikwi zisanu. Kamba ndinkanyamula wa kunyumba, choncho salowa m'buku. Mmisiriyo anandionetsa chimene anatulutsa, kachinthu kotuwa ngati chidutswa cha bulangete, kotalika ngati chala. Anapukutanso phala louma limene limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo chozizitsira, n'kupakapo latsopano. Ntchito yonse, zikwi zisanu. Msewu, zikwi makumi awiri. Pa makwacha asanu alionse, imodzi inakonza kompyuta ndipo zinayi zinakwera phiri.

Lero laputopu imakhala patebulo, pa zitsekero zinayi za mabotolo, kuti mpweya uzidutsa pansi. Ntchito yolemera imagwiridwa m'bandakucha kapena dzuwa litalowa. Miyezi itatu iliyonse ndimaizimitsa, kuchotsa batire, kugwira fani ndi kamtengo ka machesi kuti isazungulire, n'kupopera m'timabowo ndi pampu ya njinga, ndipo zotsalira ndimachotsa ndi mswachi wakale wouma. Ikamagona imalowa m'chikwama chotseka, chifukwa nyerere ndi mphemvu zimakonda pofunda. Zitsekero, pampu, mswachi, zonse zinalipo kale pakhomo. Mzere wa dzuwa, zikwi makumi awiri ndi zisanu. Tafika zikwi makumi asanu ndi limodzi.

Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana. Madzi anawononga damu la Kapichira, m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa, pafupi ndi Majete, ndipo dziko linataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130. Makina a kumeneko sanabwerere m'chimake mpaka mu 2023. Mukukumbukira mmene tinkakhalira. Mwana anali ndi mayeso, ndipo tinayamba kukatchajitsa laputopu pa jenereta ya nyumba ina yoonetsera makanema. Mazana awiri pa tsiku, masiku makumi asanu, zikwi khumi. Mphamvu ya jenereta yaing'ono imakwera ndi kutsika malinga ndi zimene zalumikizidwapo, ndipo madzulo ena chaja inabwerako ikununkha ngati tayala lopsa. Pamsika ndinapeza ina ya zikwi zisanu, yopepuka m'manja ngati mulibe kanthu. Inakhala masiku makumi awiri. Ndiye kuti makwacha mazana awiri ndi makumi asanu pa tsiku. Ndinagulitsa mbuzi ina, n'kutuma mlamu wanga amene ankapita kale kumtunda kuti akagule yeniyeni, ya zikwi makumi awiri. Imeneyo yapyola masiku chikwi chimodzi ikugwirabe ntchito. Ndiye kuti osakwana makwacha makumi awiri pa tsiku. Yotchipa ija inali yodula kuposa kakhumi ndi kawiri.

Pogula chaja muwerenge pansi pa laputopu yanu. Palembedwa mavoti ndi maampu. Yathu ndi ya 19.5V. Mavoti afanane ndendende, maampu afanane kapena apose, ndipo kamutu kolowetsa kakhale komweko. Ndinagulanso soketi yoteteza ku mphamvu yodza mwadzidzidzi, zikwi zisanu. Magetsi akathima timazula chaja kukhoma, ndipo akabwera timadikira mphindi zingapo tisanalumikize. Kukamachita ziphaliwali timazula zonse. Mzere wa magetsi, zikwi makumi anayi. Tafika zikwi zana limodzi, magawo awiri mwa atatu a mtengo wogulira.

Batire za malaputopu zimakalamba msanga pamalo otentha, ndipo yathu inali itakalambira kale m'manja mwa mwini wake woyamba. Pofika Novembala 2022 inkasunga moto mphindi khumi. Magetsi akathima, mwana ankakhala ndi mphindi khumi zosungira ntchito yake, ndipo nthawi zina makina ankazima zisanathe. Mu Meyi chaka chimenecho kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja anali atakwera. Batire yatsopano, zikwi makumi atatu ndi zisanu. Kuti ndipulumutse ya ulendo, ndinatumiza ndalama pafoni, ndipo wasitolo anapatsira kondakitala wa minibasi. Kondakitala, zikwi zisanu. Inafika, koma sinalowe. Pafoni ndinangotchula dzina la kampani yopanga laputopu, osadziwa kuti kampani imodzi ili ndi mitundu ya mabatire yochuluka, ndipo umene mukufuna umadziwika ndi nambala yolembedwa pa batire yakaleyo. Kuibweza, zikwi zisanu. Kubweretsa yoyenera, zikwi zisanu. Batire inayenda pa msewu wa M1 katatu, ine ndili pakhonde. Ndikanapita ndekha ndi yakaleyo m'thumba, ulendo ukanakhala umodzi. Kujambula nambala ija ndi foni n'kuitumiza pa WhatsApp kukanadya makwacha osakwana zana. Mbuzi imodzi ya zikwi makumi anayi ndi nkhuku ziwiri za zikwi zisanu iliyonse. Zikwi makumi asanu. Tafika zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Tsiku limenelo, patatha chaka ndi miyezi isanu ndi inayi, ndinali nditagula kompyuta imodzi kawiri.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo abale athu a ku Makhanga ndi tsidya la kum'mawa kwa Shire anatuluka m'nyumba ndi zovala za m'thupi zokha. Zimenezo sizilembedwa m'kope la sukulu, ndipo sindikuziyerekeza ndi zanga. Ndikungolemba zimene zinagwera tsamba lino. Mphepo inatukula lata limodzi usiku, ndipo mvula inadonthera pa shelefu mpaka m'mawa. Chikwama chinanyowa, laputopu inanyowa. Mnansi anati tiikwirire mu mpunga. Makilogalamu awiri, zikwi zitatu. Tsiku lachiwiri tinaiyatsa kuti tione ngati ili moyo. Inayaka, inalira ngati wotchi yapakhoma, n'kuzima.

Pamenepo m'pamene tinalakwitsa. Makina akanyowa, chimene chimawapha ndi magetsi odutsa m'madzi, ndi dzimbiri limene limatsatira. Muzule chaja, muchotse batire nthawi yomweyo, muwatembenuze chafufumimba ali otsegula, ndipo musawayatse mpaka wodziwa atawatsegula ndi kuwaumitsa m'kati. Mpunga sufika pansi pa tizipangizo pamene madzi amabisala. Wathu tinauphika Lamulungu lotsatira, choncho zikwi zitatu zija ndinazifafaniza pa tsamba lino n'kuzisamutsira ku tsamba la chakudya.

Misewu inali yowonongeka ndipo mafuta anali atakwera. Ulendo wopita ndi kubwerera, zikwi makumi awiri. Ulendo uno ndinakhala pa benchi ya mmisiri mpaka anamaliza. Kutsuka bolodi ndi sipiriti ndi kuiumitsa, zikwi khumi ndi zisanu. Hadi disiki, kumene kumakhala mafayilo onse, inali itafa. M'malo mwake anaika ya mtundu wa SSD, yopanda mbale yozungulira m'kati, imene siopa mabampu a minibasi ndipo imayatsa makina msanga. Zikwi makumi anayi. Kuikamonso Windows, zikwi zisanu. Ntchito ya mwana ya chaka chomaliza inapulumuka chifukwa anali ataitumiza kwa mphunzitsi wake pa imelo sabata yapitayo. Zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga ndi za maliro a amayi sizinatumizidwe kulikonse, ndipo zinapita. Tsopano Loweruka lililonse timakopera zofunika pa fulashi ina, yosapita kumsika, imene imagona m'botolo lotseka limodzi ndi ziphaso za ana. Mbuzi ziwiri. Zikwi makumi asanu ndi atatu. Tafika zikwi mazana awiri ndi makumi atatu.

Mzere waukulu koposa unayamba ndi cholembera cha makwacha mazana awiri. Mu Okutobala 2023 mzime wathu anachisiya pa kiyibodi n'kutseka chivundikiro. Sikirini inachita mng'alu, ndipo theka lake linada ngati mwathiridwa inki. Tisanalipire kanthu tinabwereka chingwe cha HDMI n'kulumikiza laputopu ku wailesi ya kanema. Chithunzi chinatuluka bwinobwino. Mukaona choncho, dziwani kuti makina ali moyo, chafa ndi galasi lokha, ndipo wina asakuuzeni kuti mugule bolodi. Ndinaimba foni kufunsa mtengo. Zikwi makumi asanu ndi awiri, kuikira komwe. Mbuzi nthawi imeneyo inkagulidwa pa zikwi makumi asanu ndi zisanu, ndipo ndinati ndidikire Khirisimasi, pamene ogula amachuluka. Mwana anapitiriza kulembera pa wailesi ya kanema, ndipo pakhomo sitinaonere kanthu miyezi iwiri. Mu Novembala, Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mu Disembala mbuzi inafikadi zikwi makumi asanu ndi limodzi. Pa mbuzi ziwiri ndinapindula zikwi khumi. Sikirini inali itafika zikwi zana limodzi. Pa sikirini ndinataya zikwi makumi atatu. Msewu, zikwi makumi awiri. Zikwi zana limodzi ndi makumi awiri, mbuzi ziwiri zonse osatsala ya sopo. Tafika zikwi mazana atatu ndi makumi asanu.

Tiwonkhetse. Kugula, zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Kukonza, zikwi mazana atatu ndi makumi asanu. Pamodzi, zikwi mazana asanu, theka la miliyoni. Kuchokera Febuluwale 2021 kufika Disembala 2023 ndi miyezi makumi atatu ndi isanu, ndipo mukagawa ndalama yokonzera ndi miyezi imeneyo mupeza zikwi khumi pamwezi. Ndikudziwa kuti kwacha ya 2021 si yofanana ndi ya 2023, n'chifukwa chake ndimawerenganso m'khola, mmene mulibe kutsitsa mphamvu. Zogulira, mbuzi zisanu. Zokonzera, mbuzi zisanu ndi ziwiri, ndi nkhuku ziwiri.

Usiku wina ndinagawa ndalama yokonzerayo m'milu inayi kuti ndione kumene inapita. Zipangizo zimene zilipo mpaka lero, zikwi mazana awiri ndi chimodzi. Amisiri, zikwi makumi atatu mphambu zisanu ndi zinayi. Mabandulo otayika, fotokope, jenereta ndi chaja yabodza, zikwi makumi atatu mphambu zinayi. Msewu, zikwi makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi chimodzi. Msewu wokha unadya theka la mtengo wa kompyuta, ndi chikwi chimodzi pamwamba. Ine ndili ku Ngabu. Inu a ku Bangula, ku Tengani ndi ku Nsanje boma, muwonjezere ya mtunda wanu. Inu a ku Fatima ndi ku Muona muwonjezerenso ya bwato mukadzera ku Chiromo.

Ndinawerenganso padera zimene sizikanatuluka m'thumba ndikanadziwa zimene ndalemba pano: batani lija, bandulo yogulidwa chifukwa cha tsiku lolakwika, mabandulo atatu a Juni, kufomata ndi fotokope yake, chaja yopepuka, ndi maulendo awiri owonjezera a batire. Zikwi makumi anayi mphambu zisanu ndi ziwiri. Pa mtengo wa 2021 imeneyo ndi mbuzi imodzi ndi theka, ndi zikwi ziwiri zapamwamba. Mbuzi imodzi ndi theka imeneyo ndi imene ndikufuna itsale m'khola mwanu. M'chaka chonse cha 2024 tsamba la kompyuta silinalembedwe kanthu, ngakhale kuti inakana kuyaka kawiri, inatentha mu Okutobala monga mwa chaka chilichonse, ndipo fulashi inabwerako ndi timivi katatu.

Buku lili ndi mbali ziwiri, ndipo ya zolowa ndiitchulenso. Madzulo mwana wachisamba amatayipira anthu: makalata ofunsira ntchito ku kampani ya shuga, malipoti a makomiti a mijigo, malamulo a mabanki m'khonde, makalata a anyakwawa opita ku boma. Mazana asanu pa tsamba. Walemba masamba mazana atatu. Zikwi zana limodzi ndi makumi asanu, ndiye kuti mbuzi zisanu zoyamba zija zabwerera, ngakhale zabwerera zowonda. Zikwi mazana atatu ndi makumi asanu zinazo zili moyang'anizana ndi satifiketi yake, imene ili m'botolo muja. Mpata wa mtengo pa mzere umenewo ndinausiya wopanda kanthu. Ang'ono ake awiri aphunzira kutayipa pa makina omwewo, ndipo mmodzi akulemba phunziro la kompyuta pa mayeso a MSCE.

Mzere womaliza ndaulemba ndi pensulo. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira, kupatula kwa amene alembetsa kuti awonjezeredwe chaka chimodzi. Makina akuyakabe ndipo akulembabe, koma zigamba zotseka mipata ya mavayirasi zili pakutha. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo yathu ilibe zonse ziwiri. Mwana anandiuza kuti, "Ababa, pali njira ziwiri." Yoyamba ndi kuikamo Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imayenda pa makina akale. Mtengo wake ndi bandulo ya magigabaiti atatu, fulashi imodzi yopanda kanthu, ndi masabata angapo ozolowera. Yachiwiri ndi laputopu ina yogwirapo kale ntchito, imene sitolo ya ku Limbe yanditchulira zikwi mazana asanu ndi limodzi, msewu padera. Mbuzi pano ikugulidwa pa zikwi zana limodzi. Zikufunika zisanu ndi imodzi. M'khola muli zinayi, ndipo imodzi ili ndi bere la miyezi iwiri. Mbuzi imaswa pa miyezi isanu. Ikaswa amapasa zikwana zisanu ndi imodzi, koma ana awiriwo sangafike pa mtengo chaka chisanathe, ndipo zonse zikapita m'khola mutsala zingwe. Ndauza mwana kuti Loweruka likubwerali akopere mafayilo onse pa fulashi ya m'botolo, ndipo ndamupatsa ya bandulo.